Abambo anzanga, tiyeni tikambeko za mkodzo

Ndipemphe chikhululukiro pachiyambi pomwe, chifukwa nkhani ndabwera nayoyi si yokamba pagulu malinga ndi m'mene tinaleredwera. Ifetu tikakumana, kaya n'kuchikondwerero cha pa 6 Julaye, kaya n'kuukwati ku Coventry kapena kuchinkhoswe ku Wolverhampton, timakamba zonse: kugwa kwa kwacha, mtengo wa thumba la feteleza, mapepala a ku Home Office, za Bullets ndi Wanderers. Koma ya chikhodzodzo yokha siituluka pakamwa. Timangoona abambo akuluakulu akudzuka pampando kanayi pa msonkhano umodzi, aliyense n'kumayang'ana kumbali ngati sakuona.

Ine ndili ndi zaka 59. Ndinafika muno mu Birmingham mu 2002 ndipo ntchito yanga ndi yoyendetsa basi. Sindine dokotala kapena namwino. Zimene ndilembe pano ndi zimene ndadutsamo ndekha, zimene ndaona kwa abale anga, ndi zimene ndakhala ndikufunsa ndi kuwerenga chiyambire kudwala. Mfundo yanga ndi imodzi yokha. Chithandizo cha matenda a prostate chasintha kwambiri m'zaka 15 zapitazi, moti pano madokotala amayamba aona kaye m'kati mwa thupi ndi makina asanamukhudze munthu, ndipo nthawi zambiri sang'amba n'komwe. Koma mantha amene tili nawo ife ndi akale, tinabwera nawo m'sutikesi kuchokera kumudzi. Mantha amenewa ndi amene akutimanitsa chithandizo chofewachi, pakuti chimayenera munthu amene wafika msanga.

Prostate ndi kachiwalo ka amuna okha. Kali pansi penipeni pa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake monga msewu udutsira pakati pa mudzi. Ntchito yake ndi kupanga ena mwa madzi a umuna. Mwa mnyamata kamakhala kakang'ono ngati suku limodzi, koma munthu akapitirira zaka 50 kamayamba kukula, kwa ena mpaka kufika ngati ndimu kapena lalanje, n'kumafinya njira ija. Mkodzo umayamba kutuluka monyinyirika, munthu amaima nthawi yaitali, akachoka amamva ngati wina watsalira, ndipo usiku tulo timasowa. Kukula kotere si khansa ndipo sikusanduka khansa. Khansa ya prostate ndi nthenda ina payokha, ndipo kuipa kwake n'koti ikamayamba nthawi zambiri siwawa, siitseka mkodzo, siionetsa chizindikiro chilichonse.

Mantha ndikunenawa ndikudziwa kumene anachokera. Bambo anga anali mphunzitsi wa pulayimale, munthu waukhondo, wovala taye ngakhale Loweruka. Mu 1996 mkodzo unawatsekera usiku, ndipo tinawanyamula pa ngolo mpaka kumsewu, kenako pa matola kupita kuchipatala cha m'boma lathu. Anawaika kapaipi ndi thumba lomangirira pamwendo. Kuyambira tsiku limenelo sanapitenso kubawo, kutchalitchi ankakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, ndipo alendo akabwera ankalowa kuchipinda. Kumudzi ena ankati awalodza, ena ankanong'ona kuti ndi chinzonono cha paunyamata. Patapita zaka ziwiri anayamba kudandaula msana, ndipo pamene dokotala ankatiuza kuti ndi khansa ya prostate yomwe yalowerera m'mafupa, panalibenso chochita koma kuwapatsa mankhwala opha ululu. Anatisiya mu 1999. Ogwira ntchito pachipatalapo sindiwaimba mlandu, pakuti analibe chida china choposa chala, kapaipi ndi mpeni. Dziko lonse la Malawi nthawi imeneyo linalibe makina a MRI ndi amodzi omwe. Oyamba anafika ku Gulupu, pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, mu 2008, ndipo anabwera makamaka kamba ka kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana.

Ambiri a ife tili ndi nkhani yonga iyi, ya bambo, malume kapena agogo. N'chifukwa chake mwamuna wa kwathu akamva za prostate amaganiza zinthu zitatu: chala cha dokotala kumalo osatchula, thumba la mkodzo pamwendo, ndi kugwa m'papaya. Ndiye amasankha kukhala chete. Koma pajatu akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kudzenje.

Tsono kukhala cheteku kumatipweteka ife kuposa anzathu. Muno mu UK amuna oposa 50,000 amapezeka ndi khansa ya prostate chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 12,000 amamwalira nayo. Mwa amuna onse, mmodzi mwa 8 alionse adzapezeka nayo pamoyo wake, koma mwa amuna akuda ndi mmodzi mwa 4. Mwa azungu imapha mmodzi mwa 24, mwa ife mmodzi mwa 12. Ngati bambo ako kapena mchimwene wako wa bere limodzi anadwalapo, chiopsezo chako chimakwera kawiri ndi theka. Kalembera wa 2021 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a muno mu Birmingham, 11 ndi akuda. Ndiye si nkhani ya kutali iyi, ili ku Handsworth, ku Erdington, ku Aston, m'nyumba zathu zomwe.

Kwa ine zinayamba mu 2022. Ndinkadzuka kanayi kapena kasanu usiku uliwonse, m'mawa n'kukakhala pa chiwongolero. Amene munakwerapo nambala 11 mukudziwa kutalika kwa msewu uja wozungulira mzinda, makilomita oposa 40, ndipo dalaivala sangaime pa Bearwood n'kuuza anthu kuti badikirani ndikataye madzi. Tiyi wa m'mawa ndinasiya, ndipo zimbudzi za m'njira ndinkazidziwa bwino ngati masiteji. Mayi a kunyumba ndi amene anadula nkhani. Anati, "Abambo, inu simukugona, ine sindikugona, kukacha mukukanyamula anthu 70 pamsewu. Lolemba muimbe foni kwa GP." Ndinaimba.

Chimene chinandidabwitsa n'choti sanayambe ndi kundivula. Anandipatsa pepala la mafunso okhudza kakodzedwe, limene malikisi ake amayambira pa 0 kulekeza 35, ndipo ine ndinapeza 24, kusonyeza kuti vuto ndi lalikulu. Kenako anatenga magazi pamkono oyezera PSA, puloteni yopangidwa ndi prostate. Za chala anachita kundifunsa, ndipo munthu uli ndi ufulu wovomera kapena kukana. Ndipotu mu 2025 bungwe la madokotala a za mkodzo m'dziko muno, la BAUS, linanena poyera kuti chala si njira yodalirika yopezera khansayi, ndipo mwamuna asalephere kupita kwa GP chifukwa choopa chala.

PSA yanga inali 5, yokwererapo pa msinkhu wanga. Koma PSA payokha siinena kuti uli ndi khansa: mwa amuna 4 amene yawo yakwera, pafupifupi 3 sapezeka nayo. Kale ikakwera ankakubaya singano 10 kapena 12 kudzera kunjira ya chimbudzi, mongoganizira, ngati munthu wokumba mbewa munda wonse asanaone una. Khansa yoopsa ankatha kuiphonya, yaing'ono yosafunika kuivutitsa n'kuipeza, ndipo ena ankatenga matenda olowa m'magazi. Zinasintha chifukwa cha kafukufuku wotchedwa PROMIS wa 2017 ndi wina wotchedwa PRECISION wa 2018, onse otsogoleredwa ndi madokotala a ku University College London. Anasonyeza kuti ukayamba ndi kujambula pa MRI, mwamuna mmodzi mwa 4 safunikanso kubayidwa, ndipo mwa otsalawo khansa yoopsa imapezeka bwino chifukwa singano imalunjika pamene chithunzi chaloza. Mu 2019 bungwe la NICE, limene limalangiza NHS za kachiritsidwe, linati MRI izikhala yoyamba.

Ndinagona m'makinamo mphindi pafupifupi 40, phokoso lili ngati la chigayo cha dizilo, koma osamva kuwawa kulikonse. Chithunzicho amachipatsa nambala kuyambira 1 mpaka 5: ikakhala 1 kapena 2 ndiye kuti palibe chokayikitsa, ikakhala 4 kapena 5 pafunika singano. Yanga inali 2. Panalibe chooneka ngati khansa, koma prostate inali itakula kufika mamililita 95, pamene yabwinobwino imakhala 20 kapena 30. Sanandibaye. Anangoti azindiyeza PSA chaka ndi chaka chifukwa cha mbiri ya bambo anga.

Anayamba ndi mapiritsi, tamsulosin wofewetsa minofu ya pakhomo pa chikhodzodzo ndi finasteride wochepetsa prostate pang'onopang'ono. Ambiri amathandizika nawo osafunanso china. Ine ankandipatsa chizungulire, chomwe kwa woyendetsa basi si chosewera nacho. Dokotala wa za mkodzo anandiyalira njira zina. Pali opaleshoni yakale yotchedwa TURP, yopala prostate kudzera m'njira ya mkodzo. Imatsegula bwino zedi, koma umagonekedwa m'chipatala ndi kapaipi, ndipo kwa ambiri pambuyo pake umuna sutulukanso kunja, umabwerera m'chikhodzodzo. Pali ya leza, pali ya nthunzi yotchedwa Rezum, pali ya tizitsulo tokokera prostate m'mbali yotchedwa UroLift. Ndiye panali ina imene ndinali ndisanaimvepo, yotseka mitsempha ya magazi yopita ku prostate, imene pachingerezi amati prostate artery embolisation, mwachidule PAE.

Nzeru yake ndi ya kudimba: ukatseka ngalande, mbewu za mbali imeneyo zimanyala. Magazi akachepa, prostate imafwota, njira ya mkodzo n'kumasuka. Anaiyambitsa ndi madokotala awiri olankhula Chipwitikizi, Francisco Carnevale wa ku São Paulo ndi João Martins Pisco wa ku Lisbon, cha m'ma 2008 ndi 2009. Kuno inayambira ku Southampton mu 2012 motsogoleredwa ndi Dr Nigel Hacking, ndipo NICE inaivomereza mu Epulo 2018. Oichita si madokotala ong'amba, koma a ma X-ray, amene amayendetsa tizida m'mitsempha akuyang'ana pa sikirini.

Yanga inachitika mu 2023 pa chipatala china cha NHS muno mu West Midlands. Anayamba ajambula kaye mitsempha yanga pa makina a CT kuti aone njira, pakuti kwa ena, makamaka osuta fodya ndi odwala shuga kwa nthawi yaitali, mitsempha imakhala yolimba ndi yokhotakhota moti kachida sikangadutse. Tsikulo sanandigoneke tulo. Anandichititsa dzanzi pamkono wamanzere, pamene timavala wotchi, n'kuboola kabowo ngati nsonga ya bolopeni. Ena amawalowera m'mphechepeche. Kachubu kopyapyala ngati chingwe cha mbedza kanayenda m'mitsempha kuchokera pamkono mpaka m'chiuno, ine ndikuona pa sikirini mitsempha yanga itayala ngati mizu ya mtengo. Atafika pa mtsempha wa prostate anathira timikanda ting'onoting'ono, kalikonse kosaposa theka la milimita, tonga mchenga wosefa, mbali yakumanja kenako yakumanzere. Zonse zinatenga maola awiri, ine ndikucheza ndi namwino za Aston Villa. Usiku womwewo ndinagona kunyumba kwanga, wopanda kapaipi, pamkono pali kapulasitala basi.

Ndisakunamizeni kuti ndi matsenga. Sabata yoyamba inali yowawa: mkodzo unkaotcha, kuchimbudzi ndinkathamangirako kuposa kale, ndipo thupi linkatentha pang'ono, monga anali atandichenjezera. Kusintha kunabwera pang'onopang'ono, ndipo itakwana miyezi itatu ndinali kudzuka kamodzi kokha usiku, malikisi aja atatsika kuchoka pa 24 kufika pa 9. Za m'nyumba zili m'malo mwake, mayi sanadandaulepo. Kafukufuku wa UK-ROPE, amene anatsatira amuna 305 m'zipatala za dziko lino ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anapeza kuti TURP imatsegula mkodzo kuposa PAE, komanso kuti pafupifupi mmodzi mwa 5 ochitidwa PAE anafunikanso opaleshoni pambuyo pake. Zonsezi anandiuza ndisanasaine. Chachikulu n'choti ndinali ndi mwayi wosankha. Munthu wodikira mpaka mkodzo kutsekeratu, chikhodzodzo kutopa ndi impso kuyamba kuwonongeka, amapeza zina mwa njirazi zitamudutsa.

Tsopano ndikambe za khansa, pakuti PAE ndi ya prostate yongokula, siichiza khansa. Nditachira ndinayamba kuwavutitsa alamu anga, amuna a mlongo wanga, amene amakhala ku Walsall ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba. Anali ndi zaka 52, amphamvu zawo, osadandaula kalikonse. Anandiyankha kuti, "Alamu, galimoto yoyenda bwino saipititsa kugalaja." Ine ndinati, "Nanga alamu, ku MOT mumapitiranji chaka chilichonse?" Anaseka, koma anapita. PSA inali yokwera, MRI inapereka 4, ndipo anawabaya singano zolunjika pa kadontho kamene kanaoneka. Masiku ano m'zipatala zambiri singano sakuidutsitsanso kunjira ya chimbudzi; amalowera pakhungu la pakati pa miyendo atachititsa dzanzi, akuyang'ana pa makina a ultrasound, ndipo zimenezi zachepetsa kutenga matenda. Zotsatira zinati ndi khansa ya mlingo wapakati, umene amaulemba kuti 3+4, ndipo inali isanatuluke mu prostate.

Mlongo wanga analira usiku wonse poganiza kuti umasiye wafika. Koma namwino wa za khansa anawakhazika pansi onse awiri n'kuwauza kuti apume kaye, palibe chothamangira. Pali kafukufuku amene mwamuna aliyense ayenera kumudziwa, wotchedwa ProtecT, ndipo Birmingham unali umodzi mwa mizinda 9 imene anachitikira. Amuna 1,643 opezeka ndi khansa yosafalikira anagawidwa patatu: ena opaleshoni, ena kuwotcha ndi makina a radiotherapy, ena kungowayang'anira. Zotsatira za 2023 zinasonyeza kuti patatha zaka 15, amene anafa ndi khansayi anali pafupifupi 3 okha mwa 100 alionse, mosatengera gulu limene anali, ngakhale kuti mwa ongoyang'aniridwa aja inafalikira mwa ambiri poyerekeza ndi enawo. Phunziro lake n'loti khansa yopezeka msanga imamupatsa munthu nthawi yoganiza ndi kufunsa.

Alamu anapatsidwa njira zingapo. Yoyamba inali kuchotsa prostate yonse ndi loboti kudzera m'timabowo ta pamimba. Imachiza bwino, koma ena amatsala akudontha mkodzo kwa kanthawi ndipo kwa ambiri mphamvu za kuchipinda zimachepa. Yachiwiri inali radiotherapy. Pamene Nelson Mandela anapezeka ndi khansa ya prostate mu 2001, analandira chithandizo chotere kwa milungu 7. Lero, kwa khansa yonga ya alamu, maulendo asanu atha kukwanira. Amaika tizidutswa ta golide mu prostate, kalikonse ngati kambewu ka mpunga, ndipo makina amatitsatira pa chithunzi kuti cheza chake chigwere pamalo oyenera ngakhale prostate itasuntha pang'ono. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Edgbaston chinalandira makina otere, otchedwa CyberKnife, mu 2013, ogulidwa ndi ndalama zimene anthu akufuna kwabwino anasonkha. Kafukufuku wa PACE-B, wa amuna 874, amene anasindikizidwa mu 2024, anapeza kuti patatha zaka 5 khansa inali isanabwerere mwa amuna pafupifupi 96 mwa 100 a maulendo asanu, poyerekeza ndi 95 mwa a maulendo 20 kapena 39. Kungoti zovuta za mkodzo zinali zochulukirapo kwa a maulendo asanuwo.

Yachitatu ndi yopha kadontho kokhako, prostate yotsalayo n'kuisiya. Amatero pootcha ndi mafunde a ultrasound, njira yotchedwa HIFU, kapena poumitsa ndi chisanu chofika madigiri 40 pansi pa ziro, kapena ndi singano zothira magetsi, zonsezi akutsatira chithunzi. David Cameron, yemwe anakhalapo nduna yaikulu ya dziko lino, anaulula mu Novembala 2025 kuti khansa yake ya prostate anaichiza ndi singano za magetsizi. Ubwino wa njira zimenezi ndi woti kudontha mkodzo n'kosowa: pa amuna 625 a muno mu UK amene anatsatiridwa atachitidwa HIFU, 98 mwa 100 alionse sankafuna thewera. Koma siziyenera aliyense. Zimafuna khansa yokhala malo amodzi, ena amafunika kubwereza, ndipo NICE mu 2023 inati zizichitika pokhapokha zotsatira zake zikulembedwa ndi kutsatiridwa bwino. Zipatala za NHS zozichita ndi zochepa, zambiri za ku London ndi kummwera, choncho wokhala kuno ayenera kufunsa yekha ngati angayenere kutumizidwako. Safunsa anadya phula.

Alamu anasankha maulendo asanu. Ankapita m'mawa, masana ali kunyumba, ndipo sabata ziwiri zisanathe anamaliza. Mkodzo unawavuta kwa mwezi umodzi. Pano amangopita kokayezetsa PSA miyezi 6 iliyonse, ndipo kuntchito anabwerera kalekale.

Koma panali bambo wina wa m'gulu lathu lomweli, amene dzina sinditchula polemekeza banja lake. Kwa chaka chathunthu ankadandaula msana ndi chiuno, akuti n'kunyamula okalamba kuntchito. Ankamwa panado ndi tizitsamba totumiziridwa kuchokera kumudzi. Pomwe amafika kuchipatala n'kuti khansa ili m'mafupa. Anathandizidwa ndi jakisoni wa mahomoni ndi mankhwala ena, anakhala nafe zaka zina ziwiri, koma za maulendo asanu, za HIFU, za kusankha, sizinakambidwe n'komwe. Ambiri a inu munasonkha nawo ndalama zotumizira thupi lake kumudzi. Iye ndi alamu ankakhala dera limodzi, pansi pa NHS imodzi, makina ali omwewo. Anasiyana pa nthawi yofikira kuchipatala. Ziwerengero za dziko lino zimasonyeza kuti opezeka khansa isanatuluke mu prostate pafupifupi onse amakhala akadali moyo patatha zaka 5, pamene mwa opezeka itafalikira kutali ndi theka lokha.

Mwina mukufunsa kuti nanga bwanji boma silingotiitana tonse, monga limaitanira amayi kokayezetsa mabere ndi khomo la chiberekero? Mu Novembala 2025 komiti yolangiza boma pa nkhaniyi, ya UK National Screening Committee, inatulutsa maganizo ake oyamba osalimbikitsa kuyeza amuna onse, poopa kuti ambiri angachizidwe khansa imene sikanawapha. Pa za amuna akuda inati umboni ndi wochepa. Ndipo ndi wochepadi: mu ProtecT muja pafupifupi onse anali azungu. Ofa kwambiri ndife, koma m'mabuku a kafukufuku sitipezekamo. Mwezi womwewo kunayamba kafukufuku wamkulu wotchedwa TRANSFORM, wa mapaundi 42 miliyoni, wothandizidwa ndi bungwe la Prostate Cancer UK, wofuna kupeza njira yabwino yoyezera amuna pogwiritsa ntchito PSA, MRI yachidule ndi malovu. Cholinga n'choti mmodzi mwa 10 oitanidwa akhale wakuda, ndipo ife anatiika kuyambira zaka 45 pamene anzathu ndi 50. Munthu sudzilembetsa wekha, amachita kukutumizira kalata. Ndiye kalata imeneyo ikagwa pakhomo panu, musaitaye pamodzi ndi mapepala otsatsa pizza. Kuyankha kwanu kudzathandiza ana athu aamuna obadwira kuno.

Kumudzi nako zinthu zayamba kusuntha. Kwa zaka zambiri wofuna radiotherapy ankayenera kutuluka m'dziko, kupita ku Lusaka, ku Tanzania, ku South Africa kapena ku India. Mu 2024 chipatala cha International Blantyre Cancer Centre chinayamba kupereka chithandizochi, ndipo mu 2025 makina a boma anatsegulidwa pa National Cancer Centre ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Koma makina amenewanso amapindulira wofika msanga. Ife amene timatumiza ya feteleza ndi ya fizi, tiziwonjezerapo ya thiransipoti ndi ya PSA kwa achimwene ndi amalume opitirira zaka 45, ndipo tikaimba foni tiziwafunsa m'mene akukodzera monga timafunsira za mvula. Ine abale anga aamuna onse ndinawauza chimene chinatenga bambo athu, ndi dzina lake lenileni, ndipo ana anga aamuna awiri akudziwa chochita akadzakwana zaka 45.

Pomaliza, abambo anzanga, gwirani izi. Ngati muli ndi zaka 50 kapena kuposa, muli ndi ufulu wopempha PSA kwa GP ngakhale musakumva kuwawa paliponse, ndipo kwa ife akuda Prostate Cancer UK imalangiza kuyamba kukambirana ndi GP pa zaka 45. Kulembetsa kwa GP muno mu England ndi kwaulere ndipo sikulira mapepala a ku Home Office. Kwa masiku awiri musanakapereke magazi, pewani kukhala malo amodzi ndi mayi komanso masewera olimbitsa thupi amphamvu, chifukwa zimakweza PSA. Pokamva zotsatira musapite nokha, mutu umodzi susenza denga. Lembani mafunso papepala: MRI yanga yapereka nambala yanji? Njira zonse ndi ziti, kuphatikizapo zimene sizichitika pa chipatala chino? Iliyonse idzandichita chiyani pa mkodzo ndi pa za m'nyumba? Ndipo mkodzo ukatsekeratu musadikire kuti kuche, pitani ku A&E; mukaona magazi mumkodzo, imbani kwa GP kapena pa 111 tsiku lomwelo.

Nanu amayi ndi alongo athu, ndinu amene mumamva bambo akudzukadzuka usiku. Musawaseke, musakawalalikire kwa anzanu. Akhazikeni pansi mwaulemu, ndipo akavomera aperekezeni. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndatsina, kwatsala n'kuimba foni.